Premier, Ludwig, Pearl kapena Yamaha: ng'oma zakale zoyenera ndalama zanu kuno ku Mangochi ndi ziti?

Funso limakhala lomwelomwe, kaya likuchokera kwa a komiti ya kwaya ku M'baluku kapena kwa anyamata a bandi oimba m'malo ogona alendo ku Monkey Bay. Wina akugulitsa seti ya ng'oma yobwera m'kontena, akuti ndi yakale komanso yosowa, ndiye tipereke zingati? Ogulitsa masiku ano amathamangira kutsegula foni n'kukuonetsani mtengo wa pa eBay kapena Reverb, masamba a pa intaneti ogulitsirapo katundu. Umenewo ndi mtengo womwe mwini katundu akulakalaka chabe. Auzeni akuonetseni zimene zinagulidwa kale, muone ndalama yomwe munthu anatulutsadi m'thumba. Ngakhale imeneyo ndi ya wogula wa ku London, amene zikopa ndi mabawuti amazipeza pafupi. Ena amafika potchula Ludwig ya Ringo Starr, woimba ng'oma wa bandi ya Beatles, yomwe inagulitsidwa madola oposa 2 miliyoni mu 2015, koma kumeneko anthu ankagula dzina la mwiniwake, osati matabwa.

Tiyambe ndi Pearl Export chifukwa ndi imene yadzaza m'matchalitchi. Inayamba kupangidwa mu 1982 ndipo maseti ake anagulitsidwa oposa miliyoni imodzi. Chinthu chochuluka chonchi sichingakhale chosowa, ngakhale chitakhala zaka 40. Ndi seti yabwino ya ntchito, zikopa za masiku ano zimalowa popanda vuto, koma muigule pa mtengo wa katundu wogwiritsidwa kale ntchito basi. Chimodzimodzi maseti a ku Japan a m'ma 1960 okhala ndi mayina achilendo, opangidwa ndi matabwa ofewa a luan. Kunja amanyezimira bwino, koma zitsulo zake n'zopyapyala ndipo mtengo wake sukwera.

Ludwig ndi dzina lomwe limapusitsa anthu ambiri, chifukwa pansi pa dzina limodzili pali katundu wa ndalama zambiri ndi wina wa ophunzira. Yang'anani baji. Ya m'ma 1960 ndi yaing'ono, ya mkuwa, yolembedwa Chicago, ndipo kuyambira mu 1969 inabwera ya buluu ndi girini. Baji yolembedwa Monroe ndi ya kuyambira mu 1984, kampani itasamukira ku North Carolina. Mukaona mawu oti Accent kapena Rocker, dziwani kuti si zimene osonkhanitsa ng'oma zakale amasaka. Ng'oma zambiri za m'ma 1960 zili ndi deti lodindidwa ndi inki mkati, choncho masulani chikopa muwalitsemo tochi. Onaninso kachitsulo kozungulira komwe kamagwira baji pa bowo la mpweya. Kakaoneka kophwanyika kapena komenyedwa ndi hamala, baji inachotsedwapo, ndipo mwina inachokera pa ng'oma ina. Nthawi zambiri chomwe chili ndi phindu pa seti yosakanikirana ndi sineya yokha (ng'oma yokhala ndi timawaya pa chikopa cha pansi), makamaka Supraphonic ya mainchesi 14 kwa 5. Vuto lake n'lakuti ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kuromu, ndipo chinyontho cha kunyanja kuno chimaitulutsa timatuza. Kulira imalira chimodzimodzi, koma mtengo umatsika, ndiye nenererani pamenepo.

Tsopano Premier, imene ndili nayo mangawa. Imapezeka kwambiri pa katundu wochokera ku England, kwawo kwa kampaniyi kuyambira mu 1922. Ukaiona umagwa nayo m'chikondi. Kuromu wake amapirira dzimbiri kuposa wa Ludwig, mikombero yake ndi yolemera, ndipo ena mwa maseti a m'ma 1970 anapangidwa ndi matabwa a mtundu wa mbawa. Wogulitsa akatchula mtengo wotsika, msungichuma wa mpingo amaona ngati watola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Msampha uli pa kukula kwa ng'omazo. Kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Premier inali ndi miyezo yakeyake pa ng'oma zina. Tomu (ng'oma yaing'ono yokhala pamwamba pa seti) yotchedwa ya mainchesi 12 imafuna chikopa cha 11 ndi 7/8. Tomu yapansi ya 16 imafuna cha 16 ndi 5/16. Besi (ng'oma yaikulu yomenyedwa ndi phazi) ya 20 imafuna cha 19 ndi 5/8. Kusiyanaku kukuoneka kochepa pa pepala, koma chikopa cha 16 chogula ku Blantyre sichilowa n'komwe pa tomu yapansiyo, ndipo cha 12 sichikhala bwino mu mkombero wa tomu yaing'ono. Mukachikakamiza chimachita makwinya mbali imodzi, ng'oma n'kumalira ngati chidebe chosweka ngakhale mumange bwanji.

Zikopa za miyezo imeneyi zilipo, kampani ya Remo imapanga, koma n'zoitanitsa kunja. Wachibale amene ali ku Joni akhoza kuzungulira masitolo osazipeza pa shelefu. Muwerengere mtengo wa chikopa, wa kutumiza, msonkho wolowetsera katundu, kenako muchulukitse kawiri poti ng'oma iliyonse ili ndi cha pamwamba ndi cha pansi. Ndipo si ndalama yotuluka kamodzi. Mnyamata wa dzanja lolemera akang'amba chikopa Lachisanu pa mapemphero a usiku, Lamlungu kulibe tomu, mwezi wotsatira kulibenso. Apa m'pamene anthu amayamba zokhoma chikopa cha mbuzi kapena kupala thupi la ng'oma ndi sandipepa kuti chikopa chilowe. Mukapala, ng'omayo yatha mtengo kwa aliyense wodziwa.

Mwayi wake, sineya ya 14 ndi besi ya 22 zimalandira zikopa wamba. Njira yosalephera ndi kupita kokagula mutanyamula chikopa cha masiku ano cha 12 ndi cha 16, ngakhale chong'ambika. Masulani mkombero, chiikeni pa ng'oma, chizungulitseni ndi chala. Chikhale pansi chokha n'kumazungulira mosavuta, chilowenso bwino mu mkombero wa ng'omayo. Musadalire tepi yokha. Chinanso, mabawuti a Premier zakale ali ndi mutu wong'ambika pakati ngati sikuluwu, ndiye kiyi wa makona anayi amene aliyense ali naye m'thumba sagwira. Funsani ngati kiyi wake alipo. Anthu amamasula ndi sikuludiraiva kapena kobiri mpaka mitu kudyeka, ndipo mabawuti a kampani ina nthawi zambiri sagwirizana mazinga. Mukaona dzina loti Olympic, ndi Premier yomweyo ya mtengo wotsika, ndipo vuto la miyezo likhoza kukhalaponso.

Ine mtima wanga uli pa Yamaha yopangidwa ku Japan, ndipo sindibisa. Recording Custom, ya gulu la 9000, ndi ya matabwa a birch, yopakidwa utoto wonyezimira m'malo mokutidwa pulasitiki. Kwa ife zimenezi n'zofunika, chifukwa kutentha kwa Okutobala m'tchalitchi cha malata kumamatula guluu, pulasitiki n'kutukumuka kapena kung'aluka pa msoko. Baji yake sinama: TT-912RC ndi tomu ya 9000 ya mainchesi 12, BD-922RC ndi besi ya 22. Nambala ikayamba ndi 5 kapena 7, ndi gulu lotsikirapo, labwinobe koma la mtengo wina. Stage Custom si Recording Custom, ngakhale wogulitsa atanena mothamanga kuti mayina amveke ofanana. Zikopa ndi wamba, kiyi ndi wamba, ndipo mukafuna kugulitsanso ogula ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaidziwa.

Dzina lililonse likhale, pali zinthu zimene zimagwetsa mtengo mofanana. Yezani thupi la ng'oma modutsa pakati m'malo atatu kapena anayi. Kusiyana kukapitirira mamilimita atatu, ng'omayo inapindika, kawirikawiri chifukwa chosenzetsedwa katundu pamwamba pa matola kapena kukhalitsa pa simenti ya chinyontho. Ikani mlomo wa ng'oma, pomwe chikopa chimakhala, pa galasi losalala, muyatse tochi mkati. Pomwe kuwala kukutulukira pansi ndi pomwe padyeka. Gogodani mozungulira ndi chala, ndipo pakamveka phwephwe ndiye kuti matabwa omatikizana ayamba kulekana. Timabowo ting'onoting'ono tokhala ndi ufa ndi chizindikiro cha tizilombo todya matabwa, seti yoteroyo isiyeni. Werenganinso mabowo. Chogwirira tomu chikathyoka, kwathu kuno timapita kwa owotcherera n'kuboola malo ena, ndipo bowo lililonse losakhala la ku fakitale limadula mtengo kwambiri pa Ludwig ndi Premier. Pa Pearl Export zilibe kanthu kwenikweni. Seti ya ng'oma zonse zobadwira limodzi, mtundu wofanana ndi mabaji a nthawi imodzi, imaposa kutali yotolatola.

Musachoke musanatembenuze ma cymbal, mbale zachitsulo zomenya zija, chifukwa nthawi zina ndi amene ali ndi ndalama kuposa ng'oma zonse. Cymbal yakale ya Zildjian chizindikiro chake n'chodindidwa m'chitsulo momwe, ndipo ikakhala K yolembedwa Istanbul, yokhayo ikhoza kuposa mtengo wa seti yathunthu ya Pearl. Paiste 2002 inayamba mu 1971 ndipo imafunidwabe. Yendetsani chikhadabo m'mphepete kufufuza ming'alu, muonenso bowo la pakati ngati lidakali lozungulira kapena ladyeka mbali imodzi chifukwa chokhala pa sitandi yopanda kapulasitiki. Musaikweche ndi sitiliwulu kapena mchenga wa kunyanja kuti iwale, mumafufuta chizindikiro chomwe chikanakuuzani zaka zake. Wogulitsa akatchula mtengo umodzi wa zonse pamodzi, inu werengerani pa pepala ng'oma padera, sineya padera, ma cymbal padera, kenako muchotsepo ndalama ya zikopa zatsopano musanamuyankhe.