Miyezi 9 ndi kampani ya intaneti yosafinya ma torrent: zomwe ndaona ku Chilomoni

Papita miyezi 9 chisiyireni kampani yomwe inkandipatsa intaneti kunyumba kwanga ku Chilomoni n'kulowa ina. Pa nthawi yosamukayo ndinayamikira kampani yatsopanoyi nditangoigwiritsa ntchito sabata ziwiri zokha, choncho ndaona kuti ndi bwino ndibwererenso ku nkhaniyi tsopano pamene dzinja lonse ladutsa ndipo chimwemwe cha chinthu chatsopano chazirala. Makampani awiriwa sindiwatchula maina, chifukwa chomwe ndikufuna kufotokoza ndi mmene munthu angayesere yekha kampani iliyonse kuti aone ngati imafinya ma torrent (kuwachedwetsa mwadala), kaya ndi ya mafoni, ya waya wa fibre kapena ya kambale ka padenga ngati yangayi.

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi kuikamo mapulogalamu, makamaka m'sukulu zingapo za ku Chileka ndi ku Lunzu zomwe zili ndi makompyuta koma zilibe intaneti. Ndiye ndimatsitsa mafayilo akuluakulu monga Ubuntu 24.04 (pulogalamu yoyendetsera kompyuta) yemwe ndi wa pafupifupi 6 GB, LibreOffice (mapulogalamu a ntchito za mu ofesi), komanso Wikipedia yonse ya Chingerezi ya Kiwix (yowerenga popanda intaneti), yomwe pamodzi ndi zithunzi zake imapitirira 100 GB. Onsewa eni ake amawagawa okha kudzera pa BitTorrent, kapena kuti torrent, njira yomwe Bram Cohen anatulutsa mu 2001, momwe fayilo imadulidwa tizidutswa ndipo aliyense wotsitsa amagawiranso anzake tizidutswa tomwe wapeza kale. Kwa ife amene magetsi amatizimira osatsanzika njirayi ndi yothandiza, popeza kompyuta ikayakanso pulogalamu imawerenga tizidutswa tomwe tilipo n'kupitiriza pomwe inalekezera. Ndikudziwa kuti ambiri akamva za torrent amaganiza za mafilimu ndi nyimbo zakuba, koma imeneyo ndi nkhani ya a COSOMA ndi lamulo loteteza ntchito zaluso la 2016, ndipo si yomwe inandisamutsa.

Ku kampani yakale ndinkalipira 20 Mbps, zomwe zimatanthauza pafupifupi 2.5 MB pa sekondi. Pa liwiro limeneli fayilo ya 100 GB iyenera kutha m'maola 11, koma ikangokwana 5 koloko madzulo pulogalamu yanga yotsitsira ma torrent ya qBittorrent inkatsika kufika pa 60 KB pa sekondi, liwiro lomwe likanandidikiritsa masiku 19, pomwe ana pabalaza akuonera YouTube popanda kudukiza ngakhale pang'ono. Ndikaimba foni ankangondiuza kuti netiweki yadzaza. Kuti ndidziwe zoona ndinatenga fayilo imodzi ya Ubuntu n'kuitsitsa kawiri pa ola limodzi, koyamba kuchokera patsamba la eni ake, kachiwiri pa torrent yomwe inali ndi ogawa ambirimbiri. Ya patsamba inathamanga pa liwiro lonse, ya torrent n'kumakwawa ngati nkhono. Kenaka ndinayatsa VPN, yomwe imabisa mtundu wa zinthu zomwe zikudutsa, ndipo torrent yomwe ija inadzuka nthawi yomweyo. Netiweki yodzaza sichira chifukwa cha VPN. Chomwe chinalipo ndi makina ofufuza mapaketi (tizidutswa ta uthenga todutsa pa netiweki), omwe amazindikira BitTorrent n'kuifinya mwadala. Mchitidwewu si wachilendo, popeza ngakhale ku America kampani ya Comcast inagwidwa ikusokoneza BitTorrent mu 2007, ndipo bungwe la boma loyang'anira zofalitsa mauthenga kumeneko la FCC linaidzudzula mu 2008.

Chifukwa chomwe kampani ingachitire zimenezi ndimachimvetsa. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadzera ku Tanzania ndi ku Mozambique kukafika ku mawaya a pansi pa nyanja monga SEACOM wa 2009 ndi EASSy wa 2010, ndipo njira imeneyi imagulidwa ndi ndalama zakunja. Makanema otchuka nthawi zambiri amasungidwa pa makina apafupi, pomwe anthu ogawa torrent ali ku South Africa, ku Ulaya ndi kwina kutali, moti kachidutswa kalikonse kamadumpha malire. Chomwe chinandipweteka chinali kubisa, chifukwa akanandiuza poyera ndikanadziwa chomwe ndikugula.

Pa kampani yatsopanoyi ndakhala ndikubwereza mayeso omwe aja kumayambiriro a mwezi uliwonse, ndipo m'miyezi yonse 9 liwiro la patsamba ndi la torrent lakhala likufanana, VPN ikhale yoyatsa kapena yozimitsa. Madzulo liwiro limatsikadi, makamaka Loweruka ndi Lamulungu, koma limatsika pa chilichonse mofanana, ndipo kumeneko ndiye kudzaza kwenikweni. Mu Januwale ndi Febuluwale mvula yamphamvu ikamatsika ku Michiru kambale kankasiya kulumikizana ndi nsanja ya kampaniyo kwa mphindi zingapo, ndipo kawiri konse ndinakhala tsiku lathunthu wopanda intaneti chifukwa kunsanja kwawoko kunalibe magetsi.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinawaweruza nacho molakwika, ndipo ndikufuna kukhalitsapo chifukwa ndikukhulupirira kuti chimasocheretsa anthu ambiri. M'miyezi itatu yoyambirira kutsitsa kunkayenda bwino, koma kugawira ena kunali ngati kwafa, ndipo ma torrent okhala ndi ogawa ochepa, monga mabuku akale a pa Internet Archive, ankachedwa kuyamba. Ndinaganiza kuti ndathawa mvula n'kugwera m'chithaphwi. Mnyamata wawo wokonza atabwera anatsegula tsamba la rauta n'kundionetsa kuti nambala ya IP (keyala ya pa intaneti) yomwe rauta yanga inalandira ndi yosiyana ndi yomwe dziko lakunja limandionera. Anandifotokozera mwaulemu kuti chifukwa cha kuchepa kwa manambala a IP a mtundu wakale wa IPv4, makasitomala ambiri amaikidwa kuseri kwa nambala imodzi, njira yotchedwa CGNAT, ndipo zikatero iwe ukhoza kugogoda kwa anzako koma wakunja sangagogode pakhomo pako. Kumeneku si kufinya ayi, ndipo ngakhale Starlink, yomwe inafika m'dziko muno mu 2023, imagwiritsa ntchito CGNAT pa intaneti yake ya m'nyumba. Ndinawonjezera ndalama pang'ono pamwezi kuti andipatse nambala yangayanga, n'kutsegula khomo limodzi pa rauta, ndipo kuyambira pamenepo kugawa kunayamba kuyenda.

Kutseguka kwa khomoko kunabweretsa mlandu wina m'nyumba, womwe wolakwa ndinali ine. Sindinaike malire pa zokweza, zomwe kompyuta imatumizira ena, choncho kompyuta inkagawa usiku ndi usana mpaka mayi a kunyumba akamalankhula ndi achemwali awo a ku Johannesburg pa WhatsApp mawu ankadukaduka, ndipo rauta yotchipa yomwe ili pamwamba pa kabati inkatentha ngati mbatata yootcha. Nditatsitsa zokweza kufika pa magawo atatu mwa anayi a liwiro langa, ndi kuchepetsa chiwerengero cha anthu olumikizana nane nthawi imodzi, mtendere unabwerera.

Za mawu oti intaneti yopanda malire, malire alipo ndithu. Ndisanasaine ndinapempha kuti andilembere pa imelo ngati amafinya BitTorrent, komanso kuchuluka kwa ma GB omwe akakwana liwiro limatsitsidwa, chifukwa munthu ukafuna kukadandaula ku MACRA umafunika umboni wolembedwa, osati zomwe wina anakuuza pafoni. Mu Meyi ndinatsitsa Wikipedia kawiri chifukwa hard drive yoyamba inawonongeka, ndipo ndinagunda malirewo kutatsala masiku asanu kuti mwezi uthe. Liwiro linatsika monga momwe analembera, n'kubwerera pa 1 Juni m'mawa.

Sabata yathayi ndalipiriratu miyezi ina 6, ndipo ndagula kabatire kosungira magetsi a rauta ndi kambale. Fayilo ina ya Kiwix ndikuyambitsa Lachisanu usiku ana akagona, kuti Lolemba ndikwere nayo minibasi ya ku Lunzu.