Ndege ya Singapore Airlines yopita ku New York osaima panjira

Kuchoka pa bwalo la Changi ku Singapore kukatera pa JFK ku New York ndi makilomita pafupifupi 15,350 mukayeza njira yachidule, ndipo ulendowu uli m'gulu la maulendo aatali kwambiri a ndege zonyamula anthu. Wopita, womwe nambala yake ndi SQ24, umatenga maola opitirira 18. Wobwerera, SQ23, umayandikira 19.

Makilomita amenewa musawakhulupirire kwambiri, chifukwa oyendetsa ndege amatsata mphepo, osati mzere wa pamapu. Popita ndege imadutsa cha ku Japan n'kuwoloka Pacific kuti ikankhidwe ndi jet stream, mphepo yamphamvu yowomba kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa. Pobwerera nthawi zambiri sidzera komwe inachokera: imalowabe kum'mawa, kuwoloka Atlantic ndi Europe. Njirayo ndi yaitali, koma mphepo ili kumbuyo. N'chifukwa chake nthawi yofika imasintha tsiku ndi tsiku.

Ndegeyo ndi Airbus A350-900ULR, yonyamula malita 165,000 a mafuta. Muli mipando 161 yokha: 67 ya business ndi 94 ya premium economy, gulu lapakati pa business ndi economy. Ya economy mulibemo n'komwe, choncho tikiti yotsika mtengo musaiyembekezere.

Mu premium economy mipando ndi iwiri, inayi, iwiri, ndipo pakati pa mizere pali masentimita pafupifupi 97. Mawondo sagunda mpando wakutsogolo, koma mpandowo sugona, umangopendekera. Pofika ola la 12 chiuno chimayamba kudandaula. Mipando yabwino ndi ya kumbuyo kwenikweni, komwe ndege imachepa ndipo pawindo pamakhala mpando umodzi wokha wopanda woyandikana naye. Ndi yochepa ndipo imatha msanga. Mu business bedi ndi lotakata, koma muyenera kuimirira n'kutembenuza nsana wa mpando kuti ukhale bedi, ndipo malo a mapazi ali chammbali, moti munthu wamtali amagona mopingasa. Pa mtengo umenewo, n'zokwiyitsako.

Chakudya ndi chabwino, makamaka mukasankhiratu kudzera pa Book the Cook, njira ya kampaniyi yoitanitsiratu chakudya, kutatsala maola osachepera 24 kuti munyamuke.

Chovuta chenicheni ndi wotchi. Singapore ili patsogolo ndi maola 12 New York ikakhala m'nyengo yotentha, ndi 13 m'nyengo yozizira, ndiye usana umasanduka usiku. Wonyamuka pa JFK Lolemba usiku amatera Lachitatu m'mamawa, ndipo apa ndi pomwe anthu amalakwitsa tsiku posungitsa hotelo. Imwani madzi pafupipafupi, ndipo imirirani n'kuyendako maola awiri aliwonse kuopa magazi kuundana m'miyendo.

Kwa wothamangira ntchito, ulendowu ndi woyenera ndalama zake. Woyenda ndi ana aang'ono kapena wodwala nsana atenge SQ26 yoima ku Frankfurt ku Germany, yomwe ili ndi mipando ya economy komanso mpata wotsika n'kuwongola miyendo.