Macheza a filosofi a Loweruka ku Matawale, K2,000 yanga sikupita pachabe

Anthu angapo akhala akundifunsa ku inbox za macheza a filosofi aja amachitika Loweruka masana mu tiyirumu ina cha ku Matawale ku Zomba, nde ndati ndingolemba pano kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Pitani ndithu, koma muzipita mukudziwa kuti kulibe alawansi, kulibe satifiketi, ndipo palibe amene akakuuzeni yankho loti mukangoloweza basi.

Amayendetsa ndi bambo ena ake oti anapanga filosofi ku Chanco kalekale kenako nkukaphunzitsa ku sekondale mpaka kupuma, tonse timangowaitana kuti aphunzitsi. Pakhomo mumapereka K2,000, momwemo muli tiyi wamkaka ndi mandasi awiri, mumakhala pa mabenchi, bolodi yake ndi kakang'ono kotsamiritsa pa kreti ya Fanta. Amabwera ndi anthu osiyanasiyana, ana a yunivesite a ku Chirunga, amayi ena ogulitsa nsomba mumsika, mkulu wa mpingo wa CCAP, achimwene ena achisilamu a ku Chinamwali, ndi madala ena amene anagwira ntchito ya uwoda kundende mpaka kupuma.

Mwezi wathawu mutu unali umodzi: munthu akalakwa, amakhala wasankha yekha kapena pali chimene chamukankha? Mmene anayambira ndi pamene ndinadziwira kuti bambowa ntchito amaidziwa. Sanayambe ndi mayina a azungu ayi. Anatiuza titchule mawu amene timamva munthu akagwidwa, iwo nkumalemba pa bolodi: Satana anandinyenga, unali mowa, zinalembedwa, ndi magazi akwawo, anachita kumulodza, ndi umphawi. Kenako anafunsa kuti pa mawu onsewa ndi ati amene mungawavomere wakuba akakuthyolerani chimanga chachiwisi kudimba, tonse tinati palibe, nde anafunsanso kuti nanga wakubayo akakhala mwana wanu wobereka nokha ali mu selo ku polisi? Amayi a nsomba aja anati aphunzitsi apo nde ndikauza bwanayo kuti mwanayu anamusokoneza ndi anzake, sanali wotere. Aphunzitsi anangoti mwaona mayi, funso lathu ndi limenelo, mwana ndi yemweyo, chimanga ndi chomwecho, koma mlandu mwauweruza pawiri.

Mayina anabwera pambuyo, ndipo amawabweretsa pamene mkangano wafika poti akufunika. Mkulu wa mpingo atanena kuti Mulungu anadziwiratu zonse dziko lisanalengedwe, anatiuza za Augustine, bishopu wa ku Hippo komwe pano ndi ku Algeria, amene ankati munthu payekha sangathe kusankha chabwino popanda chisomo, ndi Pelagius amene ankati Mulungu sangalamule munthu chinthu choti sangachikwanitse, ndipo mabishopu atakumana ku Carthage mu 418 anakana maganizo a Pelagius. John Calvin ku Geneva, amene chiphunzitso chake a CCAP amatsatira, anadzatenga mbali ya Augustine nkuilimbitsa, nde mkuluyo anamva kukoma kuti zimene amanena zili ndi mizu. Achimwene achisilamu aja anati kwawonso mkangano wa qadar ndi wakalekale, kuti ngati Mulungu analemba, nanga munthu adzaweruzidwa pa chiyani. Zinandisangalatsa kuona awiriwa akumvetsetsana mmalo molimbana zipembedzo.

Za chibadwa cha munthu anadutsapo mwachangu. Ku China kunali Mencius amene ankati munthu amabadwa ndi mbewu ya chifundo, umboni wake aliyense akaona kamwana kakufuna kugwera pachitsime mtima umadumpha asanaganize nkomwe za mphotho, ndi Xunzi amene ankati ayi, munthu amabadwa wokhota, amawongoka ndi mwambo ndi maphunziro. Apa ndikanakonda akanachedwapo, chifukwa nkhani ya chinamwali ndi kulanga ana inali itayamba kutentha koma anaidula.

Ana a ku Chirunga ndi amene anabweretsa za wasayansi Benjamin Libet, amene mu 1983 anayeza ubongo wa anthu akugwedeza dzanja napeza kuti ubongo umayamba kukonzekera pafupifupi theka la sekondi dzanja lisanagwedezeke, pomwe munthuyo amazindikira kuti wafuna kugwedeza mochedwerapo. Mnyamata wina anati basi nkhani yatha, ufulu wosankha kulibe, tonse ndife mashini. Aphunzitsi sanamunyoze, anafotokoza bwinobwino mmene kuyezako kunachitikira, kenako anati achimwene, kugwedeza chala mu labu nkofanana ndi munthu amene wakhala sabata yathunthu akuganiza mmene adyere ndalama za banki mkhonde, nkukonzeratu bodza loti akanene? Mnyamatayo anayankhabe, anakangana mpaka tiyi kuzizira, ndipo chimene ndinakonda nchoti bambowa salusa akatsutsidwa ndi mwana.

Ine mbali imene inandigwira ndi ya David Hume wa ku Scotland, wa zaka za m'ma 1700. Iye ankati zoona chilichonse chimene timachita chili ndi chochititsa, koma ufulu ndi woti wachita zimene iwe mwini wafuna popanda wokumanga kapena kukuopseza, ndipo timakuimba mlandu chifukwa chochitacho chatuluka mu khalidwe lako. Ndikuona kuti makolo athu ankayendera yomweyi ngakhale sankaitchula dzina. Amati choipa chitsata mwini, komanso omwewo amati nkhuyu zodya ana zipota akulu, kutanthauza kuti wolakwa alipo koma amene anamulera ndi amene anamuona akusokera nkungokhala chete nawonso ali ndi gawo lawo. Pabwalo la amfumu mwana akalakwa amaitana amalume, samangoitana mwanayo yekha. Kufotokoza chimene chinamufikitsa munthu pamenepo sikumuchotsera mlandu, koma kumasintha chilango choyenera komanso kumationetsa ena ofunika kufunsidwa, ine pamenepo ndi pamene ndaima ndipo sindikuona chondisuntha.

Tsiku limene linandikhudza kwambiri ndi lomwe anakamba za malamulo athu omwe. Kale munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, jaji analibe kuchitira mwina, chilango chinali imfa basi, kaya anapha pofuna chuma kaya mutu sunkayenda bwino. Mu 2007 pa mlandu wa Kafantayeni khoti lalikulu linagamula kuti zimenezi nzosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo kuyambira 2015 akaidi amene anali pa mzere wa imfa anayamba kumvedwanso mmodzimmodzi, majaji akuyang'ana msinkhu, matenda a maganizo, mmene munthuyo anakulira ndi mmene wakhalira kundende, mpaka mafumu akumudzi kwawo ankafunsidwa ngati angawalandire, ndipo oposa 100 anatuluka. Aphunzitsi anati imeneyo nde filosofi yomwe tikukambayi itavala mkanjo wa jaji. Madala a uwoda aja, omwe nthawi zambiri amangokhala duu ndi kapu yawo, anayankhula tsiku limenelo. Anati pa zaka zonse zimene anagwira ntchito, akaidi amene ankasinthadi anali amene afika ponena kuti ndinachita ndine, koma anatinso ambiri mwa iwo ukamva mmene anakulira umadzifunsa ngati iweyo ukanapulumuka. Zonse ziwiri anazinena ndi mtima umodzi, ndipo palibe anawatsutsa.

Zofooka zilipo ndipo ndizinena chifukwa ndikufuna zinthuzi zipitirire. Nthawi sasunga, amati 2 koloko koma kuyamba kwenikweni ndi cham'ma 3, nde amene mumakwera kabaza kubwerera ku Sadzi kapena ku Chikanda mdima umakupezani. Pafupi pali owotcherera, akayatsa mashini awo amene muli kumbuyo simumva kanthu. Aphunzitsi akatenthedwa amathawira mu Chingerezi, determinism, compatibilism, amayi a nsomba aja mpaka anawadzudzula kuti bambo tabwererani kuno tonse timve, iwo anapepesa koma sabata yotsatira anayambiranso. Chimene chimandiwawa kwambiri nchoti anyamata ophunzira amalanda macheza, azimayi amakweza mkono mpaka kutsitsa osapatsidwa mpata, chonsecho mfundo zolemera kwambiri zimene ndamva kumeneko zachokera kwa iwowo ndi kwa madala aja. Komanso palibe kapepala koti upite nako kunyumba, mayina ngati Xunzi umangolemba mmene wamvera.

Mwezi wamawa akuti mutu ndi ufiti ndi lamulo lija la 1911 limene limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, funso lake nloti munthu amene wamenya gogo chifukwa akukhulupirira ndi mtima wonse kuti wamulodzera mwana tizimuweruza bwanji. Tengani kope ndi bolopeni, khalani benchi yakutsogolo chifukwa cha owotcherera aja, ndipo amayi ndi asisi chonde bwerani ambiri, mukakweza mkono musatsitse mpaka akupatseni mpata.