Nyenyezi zitatu, koma ziwiri ndi za mnyamata wawo, osati abwana ake

Ndine wa IT pa kampani ina ku Limbe, tili ndi makompyuta pafupifupi 70 komanso nthambi ku Lilongwe. Anthu a kampani ya za chitetezo imene ndikuipatsa nyenyezizi tinawaitana kuti atiikire subordinate CA (seva yopereka masatifiketi, ziphaso zozindikiritsa makompyuta athu) pa Windows Server 2019, n'cholinga choti WiFi ya mu ofesi ndi VPN (njira yolowera mu netiweki ya ofesi uli kutali) zizilowedwa ndi satifiketi, osati pasiwedi ija imene mpaka alendo ankaidziwa pamtima. Za mtengo sindinenapo zambiri. Amene munafunsako kotesheni mukudziwa kuti si wamasewera, ndipo theka amalifuna asanakhudze n'komwe kiyibodi.

Poyamba panalibe chowadandaulira. Masiku atatu ntchito inatha. Root CA, kholo limene limasainira subordinate, anaiika pa laputopu yapadera yosalowa mu domain (gulu la makompyuta a kampani), subordinate n'kuiika pa seva yathu, Group Policy n'kuitchera moti makompyuta ankadzitengera okha masatifiketi. Laputopu ija anati tiitsekere mu sefa, isamayatsidwe. Apo analondola, chifukwa kiyi ya root ikangogwa m'manja mwa achiwembu, chilichonse chimene inasainira chimasanduka chosadalirika.

Chimene sanatiuze n'chakuti root yogonayo imafunika kuidzutsa nthawi ndi nthawi kuti isainire CRL yatsopano, mndandanda uja wa masatifiketi olandidwa mphamvu. Iwo anaitchera kuti izitha pakapita masabata 26, osalemba paliponse. Lipoti limene anatisiyira linali masamba anayi a zithunzi za pa sikirini basi.

Ndiye linafika Lolemba lina kumapeto kwa mwezi, a ku akaunti akukonza malipiro. Usiku wake magetsi anali atazima nthawi yaitali mpaka UPS inatheratu, seva n'kuzima. Nditafika m'mawa ndinapeza anthu ataimirira m'khonde malaputopu ali m'manja, WiFi ikukana aliyense. A ku Lilongwe foni siinkatha kulira, VPN yakana. Ndinayatsa seva bwinobwino, koma Active Directory Certificate Services, pulogalamu yoyendetsa CA, inakana kudzuka. Inkangobweza 0x80092013, kunena kuti yalephera kufufuza ngati satifiketi yake inalandidwa mphamvu. CRL ya root inali itatha Loweruka, ife tili phee kunyumba.

Ndinaimbira abwana awo. Ulendo woyamba sanayankhe, wachiwiri anati ali pa msonkhano, wachitatu ndiye anandiuza kuti, "Achimwene, ntchito ija tinamaliza ndipo munasainira nokha." Ndinati chabwino akulu, ingondipatsani pasiwedi ya laputopu ya root ndikonze ndekha. Kunali zii. Kenako akuti ili ndi mnyamata amene anagwira ntchitoyo. Tangoganizani, makiyi a nyumba yathu akusungidwa ndi mmisiri amene tinamulipira kale!

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi uthenga umene ananditumizira pa WhatsApp. Anati ndilembe lamulo la certutil loika CRLF_REVCHECK_IGNORE_OFFLINE, zonse zikhala bwino. Lamuloli ndimalidziwa. Limangouza CA kuti idzuke osasamala za CRL, kuli ngati kuzula batire mu alamu chifukwa ikukusokosera. Komanso silikanathandiza WiFi, pakuti seva ya NPS, mlonda wa pakhomo la WiFi, imafufuzabe CRL payokha isanalole munthu kulowa. Munthu wogulitsa ntchito za chitetezo kundilangiza zimenezo, ndinangogwira pakamwa.

Cha m'ma 11 koloko mnyamata uja anatulukira pa kabaza, thukuta lili kamukamu. Ndinali nditakonzeka kumulalatira, koma anayamba ndi iye: "Bwana, pepani, zolemba zija ndinayenera kuzisiya ine." Mkwiyo unatsika pang'ono.

Anatsegula pkiview.msc, pulogalamu yoonera mmene ma CA alili, n'kundionetsa pamene panafiira, pa CDP ya root (malo amene CRL yake imapezeka), palembedwa kuti yatha. Tinatulutsa laputopu mu sefa, batire itaferatu. Itayaka sanathamangire kusaina. Anayamba wayang'ana kaye tsiku ndi nthawi, n'kupeza kuti wotchi yake yasokonekera. Anati tikanasaina choncho, CRL ikanatuluka ndi masiku olakwika, mavuto n'kuyambiranso. Ine zimenezo sindikanaziganiza ndi mmene mutu unkawirira. Atakonza wotchi analemba certutil -crl, fayilo n'kuitenga mu foda ya CertEnroll pa fulashi yatsopano, kuiika pa IIS (seva yathu ya webu), n'kuifalitsanso mu Active Directory ndi -dspublish. CA inadzuka ulendo umodzi. Pofika nthawi ya nkhomaliro a ku akaunti anali atabwerera pa mipando yawo.

Sanathere pomwepo. Laputopu ili chiyakire anandionetsa bomba lina limene linkatidikira. Root yoima payokha (standalone) ngati yathuyi ukaisiya mmene imabwerera, imapereka masatifiketi a chaka chimodzi chokha, ndiye satifiketi ya subordinate yathu inali itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi. CA siingapereke satifiketi yopitirira tsiku limene iyo ikutha, choncho masatifiketi atsopano a makompyuta anali atayamba kale kufupika ife osazindikira. Anasintha ValidityPeriodUnits kukhala 5, kutanthauza zaka zisanu, tinapempha satifiketi yatsopano ya subordinate, root n'kusainira. Pomaliza anakhala nane pansi, tinalemba ndondomeko yonse pa pepala ndi cholembera, masiku a CRL tinawaika pa kalendala ya anthu atatu, pasiwedi tinaisintha n'kuimatira mu envelopu imene ili mu sefa ya abwana athu. Fanta imene ndinamugulira anachita kuimwa ataimirira.

Choncho sindinganame kuti ntchito yawo ndi yoipa. Kapangidwe kake n'kabwino, kusaina kodalirika kwa SHA-256 paliponse, ndipo kuchokera tsiku limenelo sitinavutikenso. Ngati mukuwalemba ntchito, musalipire theka lomaliza musanalandire pasiwedi ya root, tsiku lotha CRL ndi tsiku lotha satifiketi ya subordinate, zonse zolembedwa. Muumirirenso kuti akutumizireni mnyamata wamtali wovala magalasi uja.

Lachitatu lake kunabwera invoisi yochokera kwa abwana aja, akuti ndalama ya kuitanidwa mwadzidzidzi. Ndinaibweza ndi funso limodzi, loti andionetse tsamba la lipoti lawo pamene analembapo za masabata 26. Papita milungu itatu tsopano, sanayankhe.