Kufunditsa nyumba yakale ya m'mbali mwa nyanja ku Britain popanda kuwoletsa makoma ake

Nyumba zomwe ambiri a ife timakwanitsa kugula tikakhazikika ku Britain ndi zakale zija zomangidwa mondondozana, zogawana khoma ndi mnansi, za m'mizinda ngati Swansea, Plymouth, Liverpool kapena Greenock. Yanga ili ku Swansea, ndipo ndi yamiyala. Mvula ya kuno siigwa mwamphamvu n'kukata kuti dzuwa liumitse zonse monga imachitira kwathu, koma imabwera cham'mbali pamodzi ndi mphepo yochokera kunyanja, n'kumamenya khoma masiku ambiri motsatizana ngati chiperoni cha ku Thyolo chimene chakana kutha. Bilu ya gasi ikayamba kuluma, aliyense amaganiza zoika insulation, zipangizo zotchinga kuti kutentha kusatuluke m'nyumba, ndipo ogulitsa amangokamba za chomwe chimafunditsa kwambiri. Funso lomwe ndimaona kuti liyenera kukhala patsogolo ndi lakuti khomalo lidzauma bwanji tikaliveka chovala chimenecho.

Choyamba ndi kudziwa mtundu wa khoma lomwe muli nalo. Nyumba zambiri zomangidwa chisanafike chaka cha 1920 zili ndi khoma lopanda mpata pakati, lanjerwa zonenepa pafupifupi masentimita 23 kapena lamiyala lonenepa kuposa apo, lomangidwa ndi laimu osati simenti. Mukaona kuti njerwa zina zikuonetsa mitu pakati pa zogona m'litali, nthawi zambiri khomalo ndi la mtundu umenewu, pomwe njerwa zonse zikagona m'litali ndiye kuti pakati pali mpata. Khoma lalaimu limamwa madzi mvula ikamagwa, kenaka limawatulutsa kunja ndi m'kati momwe, ndipo kutentha komwe timadandaula kuti kukutayika kudzera m'khomamo ndi komwenso kwakhala kukuliumitsa kwa zaka zoposa 100. N'chifukwa chake ntchito yoyamba, yomwe ilibe mpikisano ndi ina iliyonse, ndi kukonza ngalande za padenga zomwe zikudontha, kubwezeretsa laimu pakati pa njerwa pomwe wagumuka, ndi kuchotsa dothi lomwe lakwera n'kukwirira tsinde la khoma. Insulation yoikidwa pa khoma lonyowa imangobisa vuto kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Kwa omwe makoma awo ali ndi mpata, amisiri amapereka njira ziwiri: kupoperamo ubweya wa mineral wool, wopangidwa ndi miyala kapena galasi, kapena timikanda ta polystyrene tomatidwa ndi guluu. Timikandato timapirira madzi kuposa ubweyawo, womwe ukanyowa umakhuthukira pansi n'kusanduka mlatho wodutsirapo madzi kuchokera ku njerwa zakunja kufika kuchipinda. Koma pali njira yachitatu imene ogulitsa saikonda, yomwe ndi kuusiya mpatawo wopanda kanthu. Mapu a BRE, bungwe lofufuza za zomangamanga, amagawa dziko lino m'zigawo 4 malinga ndi mphamvu ya mvula yamphepo, ndipo Cornwall, kumadzulo kwa Wales ndi kumadzulo kwa Scotland ali m'zigawo zoipitsitsa. Kumeneko mpata uja unasiyidwa dala kuti madzi olowa azitsikira pansi. Ngati khoma lanu layang'ana kumwera chakumadzulo, njerwa zake zili poyera ndipo zili ndi ming'alu, ine ndingati lisiyeni. Pemphaninso kuti aone ndi kamera tizitsulo tomwe timagwirizanitsa makoma awiriwo, chifukwa mpweya wamchere wa kunyanja umatidya msanga.

Mkangano weniweni uli pa khoma lopanda mpata: kodi tiliveke kunja kapena m'kati? Kuveka kunja, komwe amamata mabolodi pa khoma lonse n'kupaka pulasitala pamwamba, ndi komwe kumagwirizana bwino ndi chikhalidwe cha khomalo, chifukwa limakhala lofunda, mvula siilifikanso, ndipo zipinda sizichepa. Vuto lake ndi mtengo, womwe umafika mapaundi zikwi zambiri, komanso chilolezo cha khonsolo ngati msewu wanu uli m'dera lotetezedwa chifukwa cha mbiri yake. Vuto lalikulu koposa ndi ntchito yosalongosoka. Madzi akapeza polowera pamwamba pa mabolodi, pansi pa zenera kapena pomwe padutsa paipi, amatsekeredwa kuseri kwa polystyrene ndipo alibe potulukira. Zimenezi zinachitikira nyumba zambiri za ku Fishwick mumzinda wa Preston pambuyo pa ntchito ya mu 2013, ndipo mu Okutobala 2025 ofesi ya National Audit Office, yomwe imalondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama, inanena kuti nyumba 98 mwa 100 zilizonse zomwe zinavekedwa kunja kudzera mu ndondomeko za boma za ECO4 ndi Great British Insulation Scheme zikufunika kukonzedwanso, poyerekeza ndi 29 mwa 100 za zomwe zinavekedwa m'kati. Sindikutenga ziwerengerozi ngati umboni woti njira yakunja ndi yoipa. Zikusonyeza kuti njirayi siikhululukira mmisiri wothamanga, ndipo amene akuisankha awonetsetse kuti denga latalikitsidwa kuti liphimbe mabolodi, komanso kuti pa khoma lamiyala agwiritsa ntchito mineral wool kapena mabolodi a ulusi wa mitengo otchedwa wood fibre, zomwe zimalola chinyezi kutuluka.

Kuveka m'kati n'kotsika mtengo poyambira chifukwa mutha kuchita chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, koma kumasiya khoma lonse kunja kozizira. Apa ndi pomwe kusankha chipangizo kumalemera, ndipo pali magulu awiri omwe maganizo awo ndi osiyana kotheratu.

Gulu loyamba ndi mabolodi a PIR, achikasu aja okutidwa ndi chipepala chonyezimira, omwe ambiri amawadziwa ndi mayina a Kingspan ndi Celotex. Pa kufunditsa ali m'gulu la zamphamvu kwambiri mwa zomwe zimapezeka m'sitolo wamba: bolodi ya mamilimita 50 imagwira ntchito yomwe wood fibre amafuna mamilimita pafupifupi 90 kuti aifikire, ndipo m'chipinda chaching'ono cha nyumba zathuzi kusiyana kumeneko kumaoneka. Maganizo ake ndi akuti chinyezi cha m'nyumba chitsekeredwe kotheratu kuti chisafike ku khoma lozizira. Zimenezo zimatheka pa pepala, koma m'nyumba yeniyeni muli masoketi, mapaipi ndi mitanda ya pansi pa chipinda chapamwamba yomwe mitu yake inalowetsedwa m'khoma. Mpweya wonyowa ukadutsa pamenepo umakumana ndi njerwa zozizira n'kusanduka madzi, monga botolo la chakumwa lochokera mufiriji limatulukira thukuta pa tebulo. Madzi a mvula omwe alowa kuchokera kunja nawonso sangathenso kuumira m'kati. Zoterezi ndinaziona m'nyumba mwanga momwe. Amene anaikonza ndisanaigule anamata mabolodi oterewa pa khoma lakumbuyo ndi timilu ta guluu, n'kusiya mpata kuseri, ndipo titakanganula bolodi imodzi m'nyengo yachiwiri yozizira tinapeza chuku chakuda khoma lonse, mitu iwiri ya mitanda itafewa moti sikuludiraiva inkalowa popanda kukankha.

Gulu lachiwiri ndi mabolodi a wood fibre, opangidwa ndi ulusi wa mitengo ndi makampani ngati Steico ndi Gutex, omwe amamatidwa pa khoma lonse ndi laimu popanda kusiya mpata, kenaka n'kupakidwa pulasitala walaimu ndi penti yosatseka khoma. Amafunditsa mocheperapo, ndi okwera mtengo, ndipo amisiri odziwa laimu ndi ochepa moti mungawadikire miyezi. Ubwino wake ndi wakuti amamwa chinyezi chikachuluka n'kuchibweza mpweya ukauma, choncho khoma limapitiriza kuumira mbali zonse ziwiri monga linapangidwira. Akatswiri a nyumba zakale amalangiza kusanenepetsa kwambiri, mwina mamilimita 40 mpaka 60, kuti kutentha pang'ono kuzifikabe ku khoma. Ine ndinasankha njira imeneyi pokonzanso khoma lija, ndipo kwa nyumba yamiyala kapena yanjerwa yoyang'anizana ndi nyanja sindikayika kunena kuti ndiyo yoyenera, ngakhale bilu ya gasi siitsika kwambiri ngati momwe PIR amalonjezera. PIR ali ndi malo ake pa makoma atsopano owonjezera kukhitchini ndiponso pansi pa simenti.

Za kudenga n'zachidule. Ubweya wa mineral wool woyalidwa pamwamba pa siling'i mpaka mamilimita 270 ndi wotsika mtengo, munthu atha kuyala yekha Loweruka limodzi, ndipo ndi ntchito yomwe imabweza ndalama msanga kuposa zonse, bola musatseke mipata ya m'mphepete mwa denga momwe mphepo imalowera. Thovu lopopera pansi pa matailosi ndilo ndingakuletseni ndi mtima wonse, ngakhale okuimbirani foni akometse bwanji pakamwa, chifukwa limabisa matabwa kuti asaonekenso ngati akuwola, ndipo obwereketsa ndalama ambiri amakana kupereka ngongole pa nyumba yoteroyo, zomwe zimavuta pa tsiku logulitsa.

Kutseka mipata yolowera mphepo n'kotsika mtengo ndipo kumamveka m'thupi tsiku lomwelo: timalamba ta labala pa zitseko ndi mazenera, burashi pansi pa chitseko chakumaso, kumata ming'alu ya pakati pa matabwa apansi, ndi chotsekera chumuni chomwe sichigwiranso ntchito, chomwe chiyenera kusiya kampata kuti chumunicho chisanyowe m'kati. Koma si bowo lililonse lomwe ndi mdani. Njerwa zazibowo za m'tsinde mwa khoma zimapititsa mpweya pansi pa matabwa, ndipo ndaona abale athu akuzitseka ndi nsanza pothawa kuzizira osadziwa kuti akuwoletsa pansi pa nyumba. Polowera mpweya wa chipinda chomwe muli moto wa gasi kapena mbaula ya nkhuni pasatsekedwe konse, ndipo alamu yochenjeza za mpweya wakupha wa carbon monoxide ikhalepo. Okhala ku Cornwall, Devon ndi mbali zina za Wales ayezetsenso mpweya woopsa wa radon, womwe umachokera m'miyala ya pansi ndipo umachuluka m'nyumba yotsekedwa bwino.

Nyumba ikatsekedwa, chinyezi chomwe kale chinkatuluka chokha chimafuna njira yatsopano, ndipo ife timapanga chambiri: nyemba zimabwata maola awiri, nsima imaphikidwa tsiku ndi tsiku, zovala zimayanikidwa pa radiator chifukwa kunja kulibe dzuwa, ndipo nthawi zambiri timakhala ochuluka m'nyumba imodzi. Mafani wamba oyaka ndi getsi la kubafa amayenera kukoka malita 15 a mpweya pa sekondi, ndipo a pamwamba pa chitofu malita 30, koma amangogwira ntchito mphindi zochepa, anthu n'kuwazimitsa chifukwa cha phokoso. Mafani a dMEV amazungulira pang'onopang'ono usana ndi usiku, amadya magetsi ochepa kwambiri, ndipo amawonjezera liwiro okha chinyezi chikakwera. Kwa nyumba yakale yotsekedwa pang'ono ndimawaika patsogolo, pokhapokha timazenera ta pamwamba pa mafelemu tikhale totsegula ndipo pansi pa zitseko zam'kati pakhale mpata wa mamilimita 10. Makina a PIV, omwe amakhala kudenga n'kumakankhira mpweya m'nyumba, amathetsa msanga thukuta la pa mazenera ndipo eninyumba obwereketsa amawakonda, koma amazizitsa pokwerera masitepe, komanso amakankhira mpweya wonyowa m'ming'alu ya makoma, zomwe sindingafune kuseri kwa mabolodi a PIR. Makina a MVHR, omwe amabweza kutentha kwa mpweya wotuluka, ndi abwino koposa, koma phindu lake limaoneka pokhapokha nyumba yonse yatsekedwa mwaluso ndipo pali podutsa mapaipi.

Kwa omwe ali pa lendi, omwe ndi ambiri mwa ife, makoma si anu kuti muwasinthe, choncho chotsalira ndi makina ochotsa chinyezi mumpweya, dehumidifier, yoikidwa m'chipinda chotseka momwe mwayanika zovala, pamodzi ndi kachipangizo koyezera chinyezi komwe mtengo wake sufika mapaundi 15. Muyezo ukamakhala pakati pa 40 ndi 60 peresenti zinthu zili bwino, koma ukamapitirira 70 masiku ambiri chuku chili pafupi. Musachione ngati dothi wamba lofunika kungopukuta. Awaab Ishak, mwana wazaka 2 wa ku Rochdale, anamwalira mu Disembala 2020 chifukwa chopuma chuku kwa nthawi yaitali, ndipo lamulo lotchedwa ndi dzina lake, lomwe linayamba kugwira ntchito ku England pa 27 Okutobala 2025, limakakamiza makhonsolo ndi mabungwe obwereketsa nyumba kufufuza ndi kukonza vutoli m'masiku oikika. Jambulani khomalo, lembani muyezo wa chinyezi m'mawa uliwonse kwa masabata awiri, ndipo dandaulo lanu kwa mwininyumba lipite mwa kalata kapena imelo yokhala ndi deti, osati pa foni.