Kuseri kwa zitseko za antchito

Abale anga, zithunzi zija ndimakutumizirani nditaima pafupi ndi maluwa ndi nyali zonyezimira n'zoona ndithu, koma ndi theka chabe la hotelo imene ndimagwirako ntchito kuno ku Dubai. Theka linalo lili kuseri kwa zitseko zolowera antchito okha. Kumeneko kulibe kapeti kapena fungo la maluwa, ndipo n'kumene tsiku langa limayambira ndi kuthera.

Basi ya kampani imadzatitenga kogona kusanache. Tikafika timalowera khomo lakumbuyo, kudinda chala pamakina, n'kukatenga yunifolomu yosita kale. Kenako a supavaiza amatiimika pamzere n'kuona zikhadabo, tsitsi, nsapato, ngakhale baji ya dzina ngati yapendama. Poyamba zinkandiwawa, munthu wamkulu kumaonedwa zala ngati mwana. Mtima unakhala pansi nditaona kuti a manejala nawonso amatsata zomwezo.

Ine ndili mbali yokonza zipinda, ndipo musaganize kuti n'kusesa basi. Nsalu ya pabedi imakokedwa mpaka khwinya lililonse lithe, ngodya zonse n'kupindidwa mofanana. Ndikamaliza kubafa ndimagwada n'kuyang'ana matailosi chopendeka molunjika kowala, chifukwa katsitsi kamodzi kokha kamabwezetsa chipinda chonse. Chimene chinandigwira mtima n'choti amatiphunzitsa kumudziwa mlendo tisanamuone n'komwe. Ngati amagona mbali yakumanzere, madzulo madzi akumwa ndi masilipasi timaika komweko. Akasiya buku lili chotsegula, sitilitseka osaikamo kachizindikiro. Zokonda zakezo zimalembedwa mukompyuta, moti akadzafikira ku hotelo ina ya kampani yomweyi, kaya ku London kaya ku Singapore, amakapeza akumudziwa kale. Mayi wina wachikulire anandisiyira kapepala kothokoza chifukwa ndinaika kansalu kopukutira pafupi ndi magalasi ake. Kapepalako ndimakasungabe m'chikwama.

Kumabweranso oyendera mobisa. Amafika ngati alendo wamba n'kumalemba zonse: foni yalira kangati, mwamutchula dzina mlendo kapena ayi, mwamwetulira kapena ayi. Sitidziwa kuti ndi uti.

Kukantini timadya pamodzi anthu a ku Philippines, Nepal, India, Egypt, Kenya ndi Uganda. Mnzanga wa ku Nepal ndi amene anandipulumutsa mwezi woyamba. Ankati akamaliza zipinda zake n'kubwera kudzandithandiza kuyala mabedi, osauza aliyense. Koma sindikubisirani, ntchitoyi imadya thupi. Miyezi yozizira hotelo imadzaza, miyendo imatupa, msana umachita kuyaka, ndipo ukangotuluka pachitseko chija uyenera kumwetulira ngati wangodzuka kumene.

Tsopano mverani, inu amene mumandifunsa njira yobwerera kuno. Lamulo la ntchito limene linayamba kugwira pa 2 Febuluwale 2022 limati maola ndi 8 patsiku kapena 48 pasabata, ndipo oposa pamenepo ndi ovataimu. Nthawi yoyesedwa siipitirira miyezi 6, ndipo ukatha chaka uli ndi tchuthi cha masiku 30. Ndalama za viza ndi zokulembera ntchito amalipira ndi abwana, osati iwe, choncho wina akakuuzani kuti mupereke kaye ndalama kuti akupezereni malo, muthaweni. Pasipoti ndi yanu, palibe amene ali ndi ufulu wokulandani.

Pamene ine ndinapunthwa ndi pakontrakiti. Ndinangoyang'ana chiwerengero chachikulu chimene anandiuza pakamwa, osadziwa kuti anaphatikizamo gawo la ndalama zimene alendo amawonjezera pabilu. Gawo limenelo limakwera ndi kutsika. Chilimwe chikafika, kutentha n'kudutsa madigiri 40, alendo amachepa ndipo nalonso limafota. Ndipo ndalama yotsazikira ntchito, imene ndi malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyamba, imawerengedwa pamalipiro enieni okha olembedwa mukontrakiti, osaphatikiza za nyumba kapena zina zowonjezera. Nditamva zimenezi ndinagona osadya.

Kontrakiti yatsopano akundipatsa mwezi wamawa. Ndawauza kale a ku ofesi yoona za antchito kuti ndidzaitenga kukawerenga kogona usiku wonse ndisanasaine, ndipo ndapempha kuti andiike pamaphunziro a usupavaiza.