Eriyo ya Yagi yopanga ndekha patatha miyezi khumi: ndodo zilibe mlandu, ndalama zinathera pa nthambo

Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Highfield, mu Harare muno, alamu anga a ku Mufakose, amene angolandira kumene chiphaso chawo cholankhulira pa wailesi kuchokera ku POTRAZ, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mafunde a wailesi ku Zimbabwe kuno, anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Alamu, eriyo ija munapanga chaka chathayi ikugwirabe ntchito? Kodi nanenso ndipange yanga, kapena ndingoitanitsa ya kufakitale?" Ndinawayankha msangamsanga kuti apange. Koma ndili mu kombi pobwerera kuno ku Dzivarasekwa ndinayamba kudzikayikira, chifukwa funso lomweli akanandifunsa mu Januwale, ndikanawauza kuti asadzivute, ndipo ndikanalankhula ndi mtima wonse. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba bwinobwino mmene eriyoyi, imene ndimalankhulira ndi anthu pa wailesi kudzera pa masetilaiti, yayendera kuchokera mu Meyi mpaka lero.

Eriyo yake ndi ya mtundu wa Yagi, umene anatulukira Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi ku Japan mu 1926. Yanga ndi eriyo ziwiri pathabwa limodzi la paini, ina ya wailesi yolankhulira ina ya wailesi yomvera: ndodo zitatu za mafunde a 145 MHz, imene yaitali kwambiri imapitirira pang'ono mita imodzi, ndi ndodo zisanu ndi imodzi za mafunde a 436 MHz, zimene iliyonse ili chapamasentimita 30. Magulu awiriwa ndinawaika mopingasana, lina chogona lina choimirira. Ndodo zimene nthambo imalumikizidwako ndinazipinda ngati chilembo cha J, potsatira nzeru ya Kent Britain, amene chizindikiro chake cha pa wailesi ndi WA5VJB, ndipo ndinagwiritsa ntchito ndodo za bulasi zowotcherera zija chifukwa zimagwira mtovu. Zotsalazo ndi za aluminiyamu zimene ndinagula ku Magaba, ku Mbare. Ndodo, thabwa, vanishi, masikuluwu ndi zolumikizira zonse zinandidyera madola 24 a ku America.

Zimene zikuyenda bwino sizifuna mawu ambiri. Thabwa silinapindike ngakhale lapyola m'dzinja lonse. Ndodo zimazuka ndipo zonse zimakwana m'kathumba kamodzi. Pulogalamu ya Look4Sat pafoni sinandinamizepo nthawi imene setilaiti itulukire, bola ndikumbukire kuipatsa manambala atsopano a njira za masetilaiti sabata iliyonse. Pa SO-50, setilaiti ya ku Saudi Arabia imene ili m'mlengalenga kuyambira mu Disembala 2002, ndimalankhula pa 145.850 MHz ndi kamvekedwe ka 67 Hz kamene setilaitiyo imafuna kuti ikumve, n'kumamvera pa 436.795 MHz, ndipo chifukwa cha Doppler, kusintha kwa mafunde kumene kumabwera poti setilaiti ikuthamanga, ndimayambira pa 436.805 n'kumatsika ndi 5 kHz mpaka 436.785 pamene ikulowa. Mawu akayamba kuzilala ndimapotoza dzanja pang'ono ndipo amabwerera. M'miyezi isanu yoyambirira, ndikugwira eriyo pamanja ndi tinthambo tiwiri tatifupi ta mtundu wa RG-58, tolumikiza eriyo ku mawailesi, timene anandipatsa bambo ena achikulire a ku Zimbabwe Amateur Radio Society, ndinalankhula ndi anthu angapo a ku South Africa, amene zizindikiro zawo za pa wailesi zimayamba ndi ZS, ndipo kamodzi ndinamva wina wa 9J wa ku Zambia. Kuno kumwera kwa Africa tilipo ochepa, moti nthawi zambiri setilaiti imadutsa ili zii, iwe n'kumangodzimva wekha ukubwereza KH52, nambala ya dera lathu pa mapu, popanda wokuyankha. Wa 7Q wa kwathu ku Malawi ndikumudikirabe.

Vuto linayamba ndi phewa langa. Kunyamula thabwa ndi ndodo zake kwa mphindi khumi kapena kupitirirapo, dzanja lina likusintha mafunde, maso ali pafoni, si ntchito ya munthu wa msinkhu wangawu. Mu Okutobala ndinazika paipi yachitsulo kuseri kwa nyumba, ndinapangira eriyo polendewera pamene imatha kuzungulira ndi kuweramuka, ndipo mawailesi ndinawaika pakatebulo pakhonde. Apa panafunika nthambo zazitali, choncho ndinalowa m'tauni n'kugula mamita 12 m'sitolo ina ya zamagetsi, pa madola awiri mita iliyonse. Pachikopa chake chakuda panali polembedwa bwinobwino kuti RG-58, 50 ohm. Ndinaidula pakati, mamita 6 mbali iliyonse, ndinalumikiza ndi zolumikizira zongofinya ndi pulayala, ndipo nthambo ziwirizo ndinazimanga pamodzi ndi tepi kuti zioneke mwadongosolo.

Kuyambira tsiku limenelo wailesi yomvera inayamba kugontha. Setilaiti ndinkaimva mochedwa, itakwera kale, pamene kale ndinkaigwira ikangodutsa denga la aneba. Choipa kwambiri chinali chakuti ndikangodina batani lolankhulira, wailesi inayo inkangoti phwaaa, mawu anga osamveka n'komwe, ndipo munthu amene sakudzimva pa setilaiti sadziwa ngati akulowa kapena akungosokoneza anzake. Vuto limeneli ndinali kulidziwa kale, popeza lili m'manambala enieniwo: 145.850 kuchulukitsa katatu ndi 437.550, pafupi kwambiri ndi pamene ndimamvera. Pa ISS, siteshoni ya m'mlengalenga ya mayiko osiyanasiyana ija, ndiye zafika poipa, chifukwa timalankhula pa 145.990 n'kumamvera pa 437.800, ndipo katatu ka 145.990 ndi 437.970. Mawailesi a m'manja otsika mtengo amatulutsa kamphamvu kena pa nambala yochulukitsa katatuyo, komanso mphamvu yeniyeni ya 145 MHz ikafika yambiri pakhomo pa wailesi yomvera imaitseka makutu. Pamene ndinkagwira eriyo pamanja, kupingasa ndodo kuja ndi kuchepetsa mphamvu zinkakwanira. Tsopano zinakanika.

Ndinayamba ndi kuimba mlandu zinthu zosalakwa. Choyamba ndinakayikira ma inverter a sola, amene achuluka m'dera lathu chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi ndipo ena amachitadi phokoso pa wailesi, mpaka ndinapempha aneba kuti azimitse yawo kwa mphindi khumi ndi zisanu madzulo ena. Anazimitsa mwaulemu, ana awo akudandaula za TV, koma palibe chinasintha. Kenako ndinaitanitsa kabokosi kotchedwa diplexer pa madola 30 kuti kazisefa mafunde a mbali yolankhulira. Kanathandiza pang'ono, ndipo mpaka lero ndimakagwiritsa ntchito, koma ugonthi sunathe. Mvula itayamba mu Novembala zinthu zinkaipiraipira sabata ndi sabata. Pofika mu Januwale ndinali nditatsimikiza kuti ndinalakwitsa miyeso ya ndodo, ndipo ndinabwerera ku Magaba kukagula zina za madola 10, n'kukhala Loweruka lonse ndikucheka ndi kupala, milimita ndi milimita. Mayi a kunyumba anandiyang'ana ndikuthira ndodo zakale m'thumba ndipo anangoti, "Bambo, zitsulo zimenezi zikudya bwino kuposa ana."

Chimene chinandisocheretsa nthawi yonseyi ndi chipangizo chimene ndinkachikhulupirira kwambiri. Ndili ndi NanoVNA, kachipangizo koyezera eriyo ndi nthambo, ndipo nthawi iliyonse ndikayeza kumapeto kwa nthambo, pakhonde paja, SWR ya mbali ya 436 MHz, nambala yosonyeza mphamvu imene eriyo ikukana (ikayandikira 1 ndiye kuti zili bwino), inkaoneka yokongola, pafupifupi 1.2, yosalala kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto kwa gawo la mafunde limenelo. Ndinkati nthambo ili bwino, eriyonso ikuoneka bwino, nanga vuto lili pati? Ndinaiwala chinthu chimene chili m'maphunziro oyambirira enieni, chakuti nthambo yotaya mphamvu imakometsa SWR. Mphamvu imene yakanidwa ndi eriyo imayenera kubwerera kuti chipangizo chiione, ndipo ngati nthambo ikuidya popita n'kuidyanso pobwerera, chobwerera chimakhala chochepa, chipangizo n'kumakuuza kuti zonse zili bwino. Tsiku lina mu Febuluwale, mwangozi chabe, ndinayeza nditaiwala kulumikiza eriyo kumapeto kwinako, ndipo nambala imene inayenera kuthawira kumwamba inangokwera pang'ono. Ndinakhala pansi pakhondepo kwa kanthawi ndisanatenge mpeni.

Nditasenda chikopa, madzi anadontha padzanja langa. Ukonde wa timawaya umene umakuta nthambo mkati unali wapatalipatali moti ndinkaona pulasitiki yoyera kudzera m'mipata yake, ndipo m'malo ena unali utasanduka ufa wotuwa ngati phulusa. Timawayato tinkaoneka ngati kopa, koma nditatipala ndi mpeni tinayera, ndipo mtovu unkangogubuduka osagwira: anali aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Waya wapakati anakakamira ku maginito, kusonyeza kuti mkati mwake ndi chitsulo. Kunena chilungamo, chimenechi pachokha si mlandu waukulu, chifukwa pa mafunde okwera chotere mphamvu imayenda pakhungu pa waya. Mlandu unali pa ukonde uja. Nthambo ziwiri zoonekera mkati, zomangidwa pamodzi mamita 6, ina itanyamula mawati asanu ina ikudikira kamawu kochokera makilomita mazanamazana kumwamba, zinkangothirana mphamvu njira yonse. Ngakhale RG-58 yeniyeni imataya pafupifupi theka la mphamvu pa mamita 10 pa mafunde a 436 MHz, ndiye iyi yonyowa ndi yodyekayi inkasiya zochepa zedi. Pa madziwo mbali ina ya mlandu ndi yanga, chifukwa pamene nthambo imakumana ndi ndodo ya bulasi ndinangokulunga tepi wamba wa magetsi, amene dzuwa la mu Okutobala linamumasula mvula isanabwere n'komwe.

Ndinatenga chidutswa chosendacho n'kubwerera kusitolo kuja. Mwini wake anachitembenuza kawiri, nati nthambo yodula sabweza, ndipo anthu ambiri amagula yomweyo osadandaula. Ndinamuonetsa lisiti, koma linali la pepala lija lofufutika lokha, moti pankangooneka tsiku ndi theka la nambala. Ndinapempha kuti abweretse chowotcherera chake tiyese kugwiritsa mtovu pa ukondewo anthu akuona. Anakana, koma mawu ake anatsika, ndipo anayamba kunena kuti nayenso anagulitsidwa mpukutu wonse ndi amene amamubweretsera katundu, zomwe mwina n'zoona ndithu, popeza sindikhulupirira kuti iye anasendapo nthambo imeneyo chiigulire. Titakambirana kwa nthawi yaitali anavomera kubweza theka, madola 12, koma mu ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe kuno, ndiponso pa mtengo wosinthira wa iye mwini, umene ukanandisiya ndi ndalama ya kombi basi. Ndinakana. Tinagwirizana kuti ndidzatenge katundu wa madola 12 m'sitolomo, ndipo analemba zimenezi kuseri kwa lisiti lofufutika lija n'kusainira. Mpukutu uja unali udakali pashelefu pamene ndinkatuluka.

Nthambo yabwino anandigulira mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, mamita 6 okha pa madola 24, ndipo wa basi amene anaibweretsa ndinamupatsa madola asanu. Tebulo ndinalisendeza kufupi ndi paipi kuti mbali iliyonse ikwane mamita atatu, nthambo ziwirizo ndinazilekanitsa, ndipo polumikizira ndinamata ndi tepi wa labala wodzigwira yekha uja, kenako tepi wamba pamwamba. Ndodo ndinabwezeretsa zakale zomwe zija ndinaziyesa zolakwika. Madzulo oyamba ISS inadutsa pamwamba kwambiri, ndipo ndisanamalize kutchula chizindikiro changa ndinadzimva ndekha m'makutu, mawu oyera ngati ndikulankhula m'chipinda chomwecho. Munthu wa ku Gauteng anandiyankha nthawi yomweyo. Usiku umenewo eriyo imene ndinkafuna kuisandutsa choanikira zovala ndinaiona ngati chinthu chanzeru kwambiri chimene ndinapangapo ndi manja angawa.

Mtima utakhala pansi ndinawerengetsa. Eriyo ya madola 24 yafika pa madola 117: nthambo yoipa 24, diplexer 30, ndodo zosafunika 10, nthambo yabwino ndi mtengo wa basi 29. Eriyo ya kufakitale yotchuka pa ntchito imeneyi, Arrow, imene ili ndi ndodo zitatu za 145 MHz ndi zisanu ndi ziwiri za 436 MHz, imapitirira madola 100 usanawerengere zotumizira ndi msonkho wa pachipata, choncho sindinganene kuti ndaluza. Komabe kusiyana kwake sikulinso kwakukulu monga ndinkadzitamira mu Meyi, ndipo miyezi inayi imene ndinakhala wogontha palibe amene adzandibwezere. Masiku ena ndimati ndikanangogula ya kufakitale n'kupuma. Koma nayonso ndikanaiika papaipi paja ndi nthambo ya m'sitolo ija, ikanagontha chimodzimodzi, ndipo ndikanakwiya koposa chifukwa cha ndalama zake.

Alamu ndawaimbira dzulo. Ndawauza kuti ndodo zachiwiri zija, zodula kale pa miyeso yake, zili m'thumba ndipo adzatenge ulere, agule thabwa ndi bulasi basi. Ndawauzanso kuti pokagula nthambo atenge mpeni ndi maginito m'thumba, alipire kachidutswa ka masentimita khumi kaye n'kukasenda pomwepo wogulitsa akuona, ndipo wogulitsayo akakaniza iwo atuluke. Iwo anaseka nati, "Alamu, mukufuna anditulutse ndi alonda." Loweruka likubwerali tipitira limodzi kusitolo kuja ndi lisiti langa, ndikatenge zolumikizira ndi mtovu za madola 12, ngati mwini wake akukumbukirabe siginecha yake.